Sukulu imene imabzala mitengo chaka ndi chaka koma ilibe mthunzi

Ndalandira imelo kuchokera kwa mphunzitsi wa kupulayimale amene anapatsidwa udindo woyang'anira kalabu ya zachilengedwe pasukulu pawo. Anapempha kuti ndisatchule dzina, choncho ndizingoti aphunzitsi. Kalatayo inali yaitali, ndaidula kuti patsale mutu wake:

"Chaka chilichonse timabzala mitengo. Kumabwera alendo, ana amayimba, timajambulitsa. Pofika teremu inayo yambiri imakhala itauma, ina ziweto zadya. Ana akuthawa m'kalabu, akuti ntchito yathu ndi kutola mapepala basi. Ndalama tilibe. Kodi pali zina zimene ophunzira ndi sukulu angachite poteteza chilengedwe, zoti zingakhalitse?"

Aphunzitsi, zikomo kwambiri polemba. Zochita zilipo, ndipo zambiri mwa izo sizilira khobidi. Koma ndisanazitchule tigwirizane kaye pa chimene chikudwalitsa kalabu yanu. Pasukulu panu ntchito yosamala chilengedwe imachitika tsiku limodzi pachaka, pamene yowononga imachitika tsiku lililonse. Mpopi umadontha usana ndi usiku. Zinyalala zimatenthedwa kuseri kwa makalasi. Mvula ikagwa, madzi a padenga amakokolola dothi la pabwalo n'kupita nalo. Tsiku limodzi la nyimbo ndi zithunzi silingafanane mphamvu ndi zimenezi. Chachikulu chimene sukulu ingachite ndi kusintha zimene imachita tsiku ndi tsiku, ndi kupereka ntchitozo m'manja mwa ana, ntchito iliyonse ndi mwiniwake wodziwika dzina.

Ana amene akuthawawo musawaone ngati aulesi. M'sukulu zambiri mwana akachedwa kapena akalongolola m'kalasi, chilango chake ndi kusesa, kutola mapepala, kukumba dzenje la zinyalala kapena kuthirira maluwa. Kenako Lachitatu masana tikubwera n'kunena kuti ofuna kulowa kalabu ya zachilengedwe akweze manja. Mwana si wopusa. Waona kale kuti ntchito imene tikumuitanirayo ndi yomwe ija timapatsa olakwa. Ndiye chinthu choyamba kukakamba ndi aphunzitsi aakulu pamodzi ndi anzanu onse ndi ichi: kusesa, kuthirira ndi kusamala malo kuleke kukhala chilango. Zilango zina zilipo. Ku Japan, m'sukulu zambiri ana amasesa ndi kukolopa makalasi awo ndi makonde tsiku lililonse, kwa mphindi zochepa, onse nthawi imodzi, wanzeru ndi wovutika m'kalasi yemwe. Palibe amene amaona ngati wanyozedwa, chifukwa ndi gawo la tsiku la sukulu monga momwe ilili nthawi yopuma.

Mukakonza zimenezo, musathamangire kuyamba ntchito. Yambani ndi kuona. Pulogalamu ya Eco-Schools, imene inayamba mu 1994 pansi pa bungwe la Foundation for Environmental Education ndipo tsopano ili m'mayiko ambiri, imayamba ndi zinthu ziwiri: komiti yotsogozedwa ndi ophunzira eniake, kenako kafukufuku wa momwe sukulu ilili. Simukufunika kulembetsa kulikonse kuti mubwereke nzeru imeneyi.

Kafukufuku wake ndi wotere. Tsiku lina mukaweruka, anawo asonkhanitse zinyalala zonse za tsiku limenelo, za m'makalasi, za pabwalo, za kuofesi, za kumene ana amadyera. Ayale masaka pansi pamthunzi n'kukhuthulira pamenepo. Ndi timitengo, osati ndi manja, azigawe milu: mapepala apa, mapulasitiki apo, makoko a zipatso ndi zotsala za chakudya uko, mabotolo, zitsulo, ndi zoopsa monga mabatire ndi magalasi osweka pazokha. Za kuchimbudzi asazikhudze n'komwe. Ngati muli ndi sikelo ayeze mulu uliwonse, ngati mulibe awerenge ndowa. Mmodzi agwire kope, alembe. Pomaliza onse asambe m'manja ndi sopo. Achite zimenezi masiku angapo otsatizana kuti musapusitsidwe ndi tsiku limodzi. Gulu lina lizungulire sukulu ndi kope lake, liwerenge mipopi yodontha, mababu oyaka masana, malo amene nthaka yang'ambika, ndi mitengo yonse yamoyo, zitsa zomwe.

Mudzadabwa momwe ana amasinthira akagwira manambala awoawo. Mwana amene wayeza yekha n'kupeza kuti mulu waukulu ndi wa mapepala olembedwa mbali imodzi safunanso kulalikiridwa. Ndiponso mwaphunzitsa masamu osadziwa: kuwonkhetsa, kupeza avereji, kujambula girafu. Aphunzitsi a masamu ndi a sayansi akaona kuti kalabu ikuwapeputsira ntchito, adzayamba kubwera okha.

Pa zonse zimene mupeze, sankhani ziwiri kapena zitatu zokha za chaka chino. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Kalabu imene ikufuna kuchita dimba, njuchi, nazale, sewero ndi ulendo wokaona nyama m'teremu imodzi imathera pa misonkhano.

Tsopano mitengo, poti ndiyo yakupwetekani mtima.

Kulakwa kumayambira pa chimene timawerenga. Timawerenga mbande zimene zalowa m'nthaka, n'kulemba lipoti kuti tabzala mazanamazana. Nambala yoyenera kuiwerenga ndi ya mitengo imene ili moyo chaka chikatha, chilimwe chitadutsa. Wangari Maathai, mayi wa ku Kenya amene anayambitsa bungwe lobzala mitengo la Green Belt Movement mu 1977 n'kudzalandira mphoto ya Nobel ya mtendere mu 2004, anazindikira zimenezi msanga. Amayi a m'magulu ake ankalandira kangachepe chifukwa cha mbande zimene zapulumuka, osati zimene zangokwiriridwa. Pamenepo munthu amayamba kuganiza za kuthirira ndi kutchingira asanakumbe n'komwe dzenje.

Choncho bzalani yochepa. Funso likhale lakuti, kodi tili ndi madzi ndi manja okwanira mitengo ingati m'miyezi yopanda mvula? Ngati yankho ndi 30, bzalani 30, ngakhale wina atakupatsani mbande 500 zaulere. Zotsalazo gawirani makolo amene akuzifunadi. Mtengo uliwonse ukhale ndi nambala, ndipo m'kope mulembedwe mayina a ana awiri kapena atatu amene ndi eniake, a makalasi osiyana, kuti wamkulu akamaliza sukulu wamng'ono apitirize. Mtengo wa "kalabu" kapena wa "sukulu yonse" suthiriridwa ndi aliyense.

Kabzalidwe kakenso kamapha mbande zambiri pa tsiku lomwelo la chikondwerero, chifukwa aliyense amakhala akuthamangira kuti alendo asachedwe. Maenje akumbidwe masiku angapo tsikulo lisanafike, otakasuka kuposa thumba la mbande kawiri kapena katatu, dothi lapamwamba likhale padera kuti lisakanizidwe ndi manyowa owola bwino n'kubwerera pansi pomwe mizu ikafike. Thumba la pulasitiki lija ling'ambidwe mosamala n'kuchotsedwa, dothi la kumizu lisagumuke. Ndikunena zimenezi chifukwa ana osauzidwa amakwirira mbande ndi thumba lake lomwe, ndipo mizu imangozungulira m'katimo mpaka mtengo kufa. Mbande ilowe mpaka pamene dothi la m'thumba limalekezera, isamire kuposa apo. Mutsendere dothi, mupange kabeseni kozungulira kosunga madzi, muphimbire ndi udzu wouma kapena masamba, koma zophimbirazo zisakhudze tsinde, kuopa chiswe ndi kuola. Bzalani mvula itakhazikika, osati yoyamba ija yonyenga, ndipo ndi bwino madzulo kapena tsiku la mitambo. Tchinga la minga kapena la timitengo limangidwe tsiku lomwelo. Mukati mudzamanga sabata yamawa, mbuzi sizidikira.

Pothirira, madzi ambiri kawiri pasabata amaposa timadzi towaza pamwamba tsiku lililonse, chifukwa madzi olowa pansi amakoka mizu kuti itsike. Kumene madzi ndi ovuta, botolo la pulasitiki lobooledwa timabowo pansi, lokwiriridwa pambali pa mbande khosi lili kunja, limapereka madzi pang'onopang'ono kumizu komweko popanda kuuma ndi dzuwa.

Koma mitengo ya pasukulu imafa kwambiri pa tchuthi, ndipo apa ndi pamene makalabu ambiri saganizapo. Sukulu isanatsekere pakhale ndandanda wa ana okhala pafupi, makolo awo atavomera, ndi munthu wamkulu mmodzi, kaya mlonda, kaya mphunzitsi wokhala pasukulu pomwepo, kaya wa m'komiti ya makolo, amene azitsegula pa madzi ndi kuona kuti ntchito yagwirika. Ngati palibe amene angathe, ndiye kuti nambala ija ya mbande itsikenso. Za alendo, ndingakulangizeni kuti muziwaitana chaka chikatha, adzawerenge mitengo yamoyo pamodzi ndi ana. Ofuna chithunzi chokha sadzabwera, ndipo simudzataya kanthu.

Pali njira inanso imene ndimaikonda kuposa kubzala, chifukwa silira mbande kapena kuthirira. Ku Niger, m'zaka za m'ma 1980, Tony Rinaudo wa ku Australia anatopa ndi kubzala mitengo imene inkangofa ndi chilala, mphepo ndi ziweto. Tsiku lina anayang'anitsitsa tizitsamba timene tinali mbwee m'minda, n'kuona kuti sitinali tizitsamba ayi, koma mphukira za zitsa za mitengo imene inadulidwa kalekale, mizu yake ikadali yamoyo pansi. Njira yake inali yosavuta: pa chitsa chilichonse kusankha mphukira zochepa zowongoka ndi zamphamvu, kudula zotsalazo, kusadzira nthambi za m'munsi, ndi kuteteza ku moto ndi ziweto. Popeza mizu ndi yakale ndipo inafika kale pa chinyezi, mtengo umakula msanga kuposa mbande. Alimi atagwira njirayi, dera la mahekitala pafupifupi 5 miliyoni ku Niger linabiriwiranso, ndipo yambiri mwa mitengoyo ndi nsangu, umene umathothoka masamba nthawi ya mvula n'kusiya mbewu zikule bwino pansi pake. N'chifukwa chake ndinati ana awerenge ndi zitsa zomwe. Mwina kumalire a sukulu yanu kuli nkhalango imene mukuitchetcha chaka ndi chaka.

Posankha mitundu, yambani ndi imene imamera yokha m'dera lanu, poti inazolowera mvula ndi dothi lakumeneko, ndipo mbalame ndi njuchi zimaidziwa. Onjezani ya zipatso pafupi ndi makalasi pamene maso a anthu amafika. Bulugama amakula msanga ndipo amapereka milimo ndi nkhuni, koma amamwa madzi kwambiri, choncho asayandikire chitsime, dimba kapena mtsinje. Mitengo ya mizu yotambalala italikire maziko a nyumba ndi zimbudzi. Njere ana angathe kutola okha n'kufesa m'mapaketi akale a mkaka kapena m'mabotolo odulidwa, ndipo nazale yotereyi imaphunzitsa zambiri kuposa mbande zobwera pa galimoto.

Tibwere ku milu ija ya pa masaka. Mulu wa makoko, masamba ndi zotsala za chakudya si zinyalala, ndi manyowa amene sanapse. Zikatayidwa m'dzenje losakaniza ndi mapulasitiki, zimaolera mopanda mpweya n'kutulutsa methane, mpweya umene umasunga kutentha m'mlengalenga kuposa carbon dioxide maulendo oposa 25 pa zaka 100. Zikaunjikidwa bwino zimasanduka kompositi. Mulu wake ukhale pamthunzi, wotalika ndi wotambalala pafupifupi mita imodzi. Pansi timitengo ndi mapesi kuti mpweya uzilowa, kenako zouma monga masamba ogwa, udzu ndi mapepala ong'ambidwa, pamwamba pake zaziwisi monga makoko ndi udzu wongotchetcha, ndowe ngati zilipo, kadothi pang'ono, n'kubwerezanso. Zouma zichuluke kuposa zaziwisi. Muwaze madzi kuti mukafinya m'dzanja muzimva chinyezi koma madzi asachuche. Nyama, mafupa ndi zamafuta zisalowemo, zimaitana makoswe ndi agalu. Zikani ndodo pakati pa mulu. Pakapita masiku ochepa mwana akaisolola n'kuigwira adzaimva kutentha, ndipo apo ndi pamene phunziro la tizilombo tosaoneka ndi maso limalowa m'mutu, chifukwa mulu wabwino umatha kufika madigiri 60. Ukazizira autembenuze. Ukanunkha ndiye kuti madzi kapena zaziwisi zachuluka, onjezani zouma. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu, nthawi zina kupitirirapo, mumapeza dothi lakuda lothira m'maenje a mitengo ija.

Mapepala ndi osavuta. Bokosi limodzi m'kalasi iliyonse ndi muofesi la mapepala olembedwa mbali imodzi, asokedwe akhale makope a masamu oyeserera. Mabuku akutiridwe ndi kusamalidwa kuti afike kwa a m'mbuyo.

Pulasitiki ndiye mutu waukulu, ndipo pano ndinena mosapsatira: lekani kutentha. Ndikudziwa kuti moto umaoneka ngati ukhondo, mulu unali apa, tsopano palibe. Koma moto wa padzala ndi wozizira poyerekeza ndi wa ng'anjo zopangidwira ntchitoyo, ndipo pulasitiki akamanyeka chotero amatulutsa utsi wa poizoni, kuphatikizapo ma dioxin, amene amakhalitsa m'dothi, amalowa m'zakudya n'kuunjikana m'thupi. Utsiwo umalowa m'makalasi, ndipo ana a chifuwa cha mphumu ndiwo amayamba kuvutika. Mukachotsa zoola ndi mapepala, mudzaona kuti chotsala ndi chochepa kwambiri kuposa momwe mumaganizira. Ngati kwanuko kuli otolera zinyalala kapena ogula mabotolo ndi zitsulo, sungani m'masaka mwaukhondo muziwapatsa. Ngati kulibe, dzenje lotchingidwa, kutali ndi madzi akumwa, lokwiriridwa ndi dothi nthawi ndi nthawi, likuposa moto.

Musayembekezere zambiri kwa okonzanso pulasitiki. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2017 anapeza kuti mwa zinyalala zonse za pulasitiki zimene dziko lapansi linatulutsa kufika mu 2015, pafupifupi 9 pa 100 zilizonse ndizo zinakonzedwanso, 12 zinatenthedwa, ndipo 79 zili kumadzala kapena zangomwazika pamtunda ndi m'madzi. Mankhwala enieni ndi kuchepetsa mapulasitiki amene akulowa pageti. Botolo limodzi la madzi logwiritsa ntchito chaka chonse, kabokosi ka chakudya kotsukidwa, chikwama cha nsalu. Kambiranani ndi ogulitsa zakudya pasukulu, mwaulemu, chifukwa nawonso akufuna kupeza ya sopo, muone chimene angakulungire m'malo mwa timajumbo topyapyala. Kunena zoona, zopangapanga za maluwa a mabotolo ndi zipewa za majumbo zimene zimaonetsedwa pa masiku a zionetsero sindizipatsa mtengo waukulu. Ana amasangalala nazo, palibe choipa, koma pakatha mwezi zimakathera kudzala komwe kuja, ndipo nthawi zina ana amachita kugula zakumwa kuti apeze mabotolo ake.

Mabatire akhale ndi chitini chawochawo chotsekedwa, muofesi. Asatenthedwe, asaswedwe, asaseweretsedwe. Batire ya galimoto kapena ya sola ili ndi mtovu ndi asidi, ndipo mtovu umawononga ubongo wa mwana ngakhale utakhala wochepa bwanji. Imeneyo ibwezedwe kwa ogulitsa kapena kwa amene ali ndi chilolezo chozikonza. Timabatire tating'ono tozungulira ta m'mawotchi n'toopsa kwambiri mwana akameza.

Za madzi, yambani ndi mpopi wodontha. Mwana aike kapu yoyezera pansi pake kwa mphindi khumi, kenako kalasi iwerengere pa ola, pa tsiku, pa chaka. Dontho limodzi pa sekondi iliyonse limataya malita masauzande angapo pachaka, ndipo kawirikawiri chofunika ndi kalabala kakang'ono ka m'kati mwa mpopi. Pepala la masamu amenewa likafika pa tebulo la aphunzitsi aakulu litasainidwa ndi ana, limayenda msanga kuposa dandaulo la pakamwa. Madzi osambira m'manja asamangotayika, kangalande kakang'ono kawatengere ku mtengo kapena ku nthochi.

Denga nalo ndi chitsime. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi imapereka lita imodzi. Ndiye denga la mamita 25 m'litali ndi 8 m'lifupi, pa mvula ya mamilimita 20, limagwetsa malita 4,000 tsiku limodzi. Thanki ndi magatala zimafuna ndalama, ndipo ndi pempho labwino kupita nalo ku komiti ya makolo mutanyamula manambala. Koma ngakhale popanda thanki, madziwo angathe kulowa m'nthaka m'malo mokumba zigwembe. Ikani miyala pamene amagwera, kumbani ngalande zopingasa chitsetso kuti aziima n'kulowa pansi, ndipo m'mphepete mwake mubzale udzu wa vetiva, umene mizu yake imatsika mamita awiri kapena atatu n'kugwira dothi. Tsiku lina mvula ikugwa, imani ndi ana pakhonde muone kumene madzi akulowera ndi mtundu wake. Akakhala ofiira, ndi bwalo lanu limene likusamuka. Ndipo chizolowezi chosesa bwalo mpaka kuyera mbee, tsamba lililonse kuchotsa, chimathandizira kukokoloka kumeneku. Pansi pa mitengo masamba azisiyidwa, panjira pokha ndiye pazisesedwa.

Za magetsi sindichulukitsa. Kalasi iliyonse ikhale ndi mwana wozimitsa mababu, mafani ndi makompyuta potuluka, ndipo babu likapsa mugule la LED, limene limadya magetsi osapitirira gawo limodzi mwa magawo anayi a babu lakale lija lotentha. Ngati sukulu imaphika ndi nkhuni, apo ndiye pali phindu lalikulu: mbaula yotchinga moto m'malo mwa mafuwa, nkhuni zouma zosungidwa pansi pa denga, chivundikiro pa mphika, ndi khitchini yotulutsa utsi. Ophikawo ndiwo amapuma utsiwo tsiku lonse, afunseni maganizo awo musanamange chilichonse.

Pali mbali ina imene aphunzitsi ena amaiopa, ya ana kulankhula. Ku Bali, m'dziko la Indonesia, Melati ndi Isabel Wijsen, mtsikana ndi mng'ono wake, anali ndi zaka 12 ndi 10 pamene anayamba kampeni yothetsa majumbo a pulasitiki mu 2013. Anatolera masaini, anayenda m'masukulu, anakakamira mpaka kuonana ndi bwanamkubwa, ndipo mu 2019 chiletso chinayamba kugwira ntchito pachilumbapo. Rwanda inali italetsa kale majumbo mu 2008, Kenya mu 2017. Nkhani zotere auzeni ana, koma muwauzenso kuti zinatenga zaka zisanu ndi chimodzi ndiponso kuti panali akuluakulu ambiri ogwira nawo ntchito. Ana anu sakuyenera kuyambira kwa bwanamkubwa. Kalata yaulemu yopita ku komiti ya sukulu, yonena kuti tayeza tapeza zakutizakuti, tikupempha chakutichakuti, ndi phunziro lokwanira la momwe nzika imalankhulira ndi olamulira.

Chenjezo langa ndi lakuti musawasenzetse ana katundu wa akuluakulu. Mwana wa zaka khumi sanawononge nyengo ya dziko, ndipo kumuopseza ndi zithunzi za madzi osefukira ndi nyama zakufa popanda kumupatsa chochita kumangomufooketsa. Musawatumenso kuti akadzudzule makolo awo kunyumba. Kholo limene likuphikira makala kapena nkhuni nthawi zambiri silichita kufuna, ndipo mwana akabwera ndi mwano, kholo limadana ndi kalabu. Mwana apite kunyumba ndi luso, monga kupanga kompositi kapena kusadzira chitsa, osati ndi chala choloza. Zinthu monga kugula mababu, kukonza mipopi, kuletsa moto wa padzala ndi kulola ogulitsa ndi za aphunzitsi aakulu ndi komiti. Ngati iwo sakusuntha, ana aona msanga kuti mawu athu ndi a m'kalasi chabe.

Kuti chidwi chisathe, pakhale china choyeza chaka chonse. Choyezera mvula mungapange ndi botolo lowongoka lodulidwa pakhosi, rula yomatidwa m'mbali, loikidwa poyera kutali ndi denga ndi mitengo, lowerengedwa nthawi imodzimodzi m'mawa uliwonse. Ana ena azilemba mbalame zimene aona, ena tsiku limene mtengo wakutiwakuti wachita maluwa, ena aziyeza kutalika kwa mbande kamodzi pamwezi. Pulogalamu ya GLOBE, imene inayamba mu 1995, imalandira miyezo yotere kuchokera kwa ophunzira a m'mayiko oposa 100 ndipo asayansi amaigwiritsa ntchito, choncho ngati muli ndi intaneti mungaifufuze. Masiku odziwika monga 22 April, tsiku la Dziko Lapansi, ndi 5 June, tsiku la zachilengedwe padziko lonse, agwiritseni ntchito poti ana aime pamzere wa m'mawa n'kuwerengera sukulu yonse zimene apeza: mitengo yamoyo ilipo ingati, zinyalala zatsika ndi ndowa zingati.

Zonsezi zilembedwe m'kope limodzi lachikuto cholimba, losungidwa muofesi osati m'chikwama chanu. Tsamba loyamba likhale mapu a sukulu ojambulidwa ndi ana, osonyeza mtengo uliwonse ndi nambala yake, mipopi, dzenje ndi mulu wa kompositi. Aphunzitsi amasamutsidwa, ndipo makalabu ambiri amatha tsiku limene woyang'anira wake wanyamula katundu. Pezani mphunzitsi mnzanu woti muziyendetsa naye kuyambira pano, ndipo teremu yomaliza ya chaka isanathe ana a kalasi yomaliza ayende ndi olowa m'malo awo mtengo ndi mtengo, kope lili m'manja, akulemba mayina atsopano.